Kanema wa ukwati wa Zinha wakanirira mu kompyuta

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Maputo. Kuno ku Lulimile tilipo, kungoti amayi chifuwa sichikuwasiya ndi kuzizira kuno.

Zipangizo munatumiza zija ndinalumikiza ndekha, kompyuta inayaka. Paja munati placa ya video, kachipangizo kotulutsa zithunzi pa sikirini, ndi kutaya ndalama, ya m'kati mwa purosesa ikwanira. Sikukwanira. Ndikaika dalaiva wake, pulogalamu yoyendetsa zithunzi ija, sikirini imada bii. Ndikamuchotsa, zilembo zimakula ngati za pachikwangwani, kanema n'kumayenda modukizadukiza. Ndatsitsa madalaiva anayi. Wachinayi anagwira Lachitatu, koma nditangolumikiza intaneti, makinawo anadzibwezera okha wakale uja.

Kanema wa ukwati wa m'bale wathu Zinha akufunika Loweruka, apongozi ake asanabwerere ku Meponda, ndipo ndinalonjeza pamaso pa abale onse. Dzulo amalume anayang'ana sikirini yakudayo n'kunena kuti, "Tiitane Dércio, iyeyo faculdade anamaliza." Dércio yemwe ndinkamulembera ntchito za m'kalasi chaka choyamba chonse ku yunivesiteko. Ndinawayankha kuti dipuloma siyatsa sikirini, ananyamuka osatsanzika.

Placa ija tumizani, ngakhale ifike mochedwa. Munditumizirenso nambala ya Dércio, koma amalume asamve.

Mulungu akusungeni.

Mng'ono wanu,
Amade