Katondo wa NyaChirambo

Lolemba, 5 Ogasiti

Wafika Tionge, mwana wa Overton wanga, wa ku Lilongwe uja. Chikwama chodzaza nsalu zoyera ngati akudzaika maliro a mudzi wonse. Ntchito yake akuti kujambula ndi kunyika nsalu. Digiri yathunthu! Chitumbuka chomwe akudziwa ndi "yewo" ndi kunditchula "asekuru" basi. Galu akamuuwa, yewo.

Akuti wabwera kudzafunafuna "kwathu". Ndamuuza kuti sikunasowe, angosamala zitosi.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Poto wanga wa nyemba wapita. Muli makungwa a mlombwa, makoko a anyezi, misomali yadzimbiri. Nsalu yatuluka ngati apukutira mbuzi yobereka kumene. Akuti kutauni anthu aziima patsogolo pake atagwira chibwano. Ine nditavala malaya a mtundu womwewo kusukulu ku Henga, ahedi anandibweza kuti ndikachape.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Tsopano akufuna katondo yemwe malemu mkazi wanga NyaChirambo ankazirira nyumba ino. Nsalu yaikulu ya chionetsero chomwe akukonza kutauni akuti ikhale ya mtundu umenewo, wina ayi. Tionge ali wamng'ono ankanyambita khoma la nyumbayi. Abwerera Lachinayi.

"Asekuru, agogo ankakumba pati?"

Ndamulozera chulu cha kuseri kwa chimbudzi. Wakumba mpaka masana, uku akudzijambula ndi foni. Ndaseka mpaka kutsokomola.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Nsalu ya kuchulu yauma. Yotuwa ngati bulu. Sanakwiye, ndiye kuipa kwake. "Si uyu, asekuru. Uja anali ngati chiwindi."

Potuluka m'tchalitchi ndafunsa Eva NyaMsiska, mnzake wa malemu. Wandiyang'ana kuyambira kumapazi. "A Hezron, zaka makumi anayi mukutsamira khoma lomwelo, simudziwa?" Chonsecho naye sadziwa. NyaChirambo ankabisa dzenje lake, kuti akazi anzake angamubere mtundu.

Dothi ndi za akazi. Mwamuna n'kufunsa zimenezo? Ine ndinkangoona dengu likulowa.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Dzulo ndinamutumiza kudambo, lero kumunda wa fodya wa mnansi wathu Elias. Konse ayi. Wabwera miyendo ili mbuu, chikhatho chitatuluka matuza. Sindinaseke, nthabwala yasasa.

"Simukudziwa eti?"

Ndati ndikudziwa chomene, koma sindiuza anthu a ku Lilongwe.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Mawa apita. Katondo weniweni watsala pamalo amodzi: khoma la m'khitchini, lomwe malemu anazira komaliza asanadwale. Kwina konse Overton anapaka simenti, munthu wachitukuko.

Ndatenga chikwanje ndi beseni kuti ndipale, mwanayu angapite chimanjamanja n'kumakanena kuti ku Rumphi kulibe ngakhale dothi. Nditayandikira ndaona mizere. Zala za NyaChirambo, zinayi zinayi, momwe ankakokera dzanja. Chakumtunda yopindika, poti anali wamfupi, ankachita kunyanyamphira. Zaka zonsezi ndimayesa khomali ndi losalala.

Ndikapala, nsalu ipeza mtundu. Zala zipita.

Tionge waima pakhomo. "Asekuru, chonde musatero."

Zamkutu. Wadigiri andiuze chochita pa khoma langa? Ndapala kumunsi konse, beseni ladzaza, ndamupatsa. Akanyike zinsanza zakezo.

Kumtundako sindinakukhudze. Ndamuuza kuti msana ukupweteka.