Timipira Tokana Kukwera

Lachinayi, 9 Meyi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti chifuwa chija sichinali chifuwa wamba. Adokotala anapeza chotupa m'phapo lakumanzere, akuti adula kachigawo. Ndinakubisirani mwezi wathunthu, mundikhululukire.

Komatu sathamangira mpeni. Anati, "Bambo, thupi lafooka. Tikakudulani chonchi mudzavutika kupuma. Tikupatsani masabata anayi kuti mulimbe, mukapanda kulimba tiimitsa." Fodya ndinasiya tsiku lomwelo, chabwino, tinene mkuja mwake. M'mawa uliwonse alamu anu amandiyendetsa mpaka pamlatho ndi kubwerera, ndikati ndikhale pansi amati, "Dzukani, mudzapuma kuchipatala."

Kuchipatala anandipatsanso kachipangizo kapayipi kokhala ndi timipira titatu, toti ndizitikweza ndi mpweya. Pamene namwino amafotokoza, ine n'kuti ndili pakati pa nkhani ndi odwala anzanga, ndinangoti, "Ndamva, ndamva." Munthu woti ndaimba lipenga m'bandi zaka makumi atatu, mwana wadzulo andiphunzitse za mpweya? Kufika kunyumba ndinauzira, fuu! Timipira duu. Sabata yonse kuuzira mpaka maso tong'o, ngakhale kamodzi osagwedezeka. Achemwali, ndinachita mantha. Ndinati basi mapapo atha, opareshoni andikaniza. Alamu anu akafunsa ndinkati, "Tonse titatu tikukwera." Suti yanga yakuda ija ndinakachapitsa, osauza munthu chifukwa chake.

Titabwerera kuchipatala namwino anati ndimuonetse. Ndinauzira. Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Agogo, sauzira, amakoka mpweya!" Ndinakoka pang'onopang'ono, kamodzi kanakwera, kachiwiri n'kutsatira. Alamu anu anandiyang'ana. "Titatu tija n'timeneti?"

Chiyambire pamenepo sindinajombe. Andiphunzitsanso kutsokomola nditakumbatira pilo, kuti bala lisadzandisautse. Dzulo ndinakwera masitepe achipatala osapumira panjira, ndipo adokotala alemba tsiku: pa 21 mwezi uno.

Ndimati ndinene kuti musavutike kubwera, n'kutali. Limenelo likanakhala bodza lina. Bwerani, achemwali. Ndikamadzatsegula maso, pakhale wondiitana dzina lija amayi ankandiitana, poti mwatsala nokha wolidziwa.

Moni kwa ana onse. Alamu anu akuti mubwere ndi nsapato zoyendera, chifukwa akadzanditulutsa, zakumlatho ziyambiranso.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.