Kolala Yachiwiri

Lachinayi, 14 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno Amayi akuvutikabe ndi bondo lija, koma akuyenda. Ine ndiye zandithina, ndipo ndilibe wina womuuza.

Ndinapita kukayesedwa ntchito kufakitale yosoka mayunifolomu. Zonse zimene munandiphunzitsa ndinachita. Ndinapereka moni wa dzanja ngakhale kumandinyansa, ndipo akapitawo ndinkawayang'ana pamphumi kuti aziyesa ndikuwayang'ana m'maso. Za otizimu, kapangidwe kosiyana ka ubongo kamene ndinabadwa nako, sindinatchule, paja kwina kuja nditangotchula anati malo adzaza, chikhalirecho chikwangwani chofuna osoka chili pageti mpaka lero.

Anatipatsa aliyense makina ndi kolala yoti tilumikize pashati. Mukudziwa kuti posoka ndimang'ung'udza kanyimbo kanga kopanda mawu, kamene kamanditsekera phokoso lina lonse kuti manja amve nsalu. Poopa kusekedwa ndinaluma mlomo. Achemwali, makina onse a m'holo muja, wailesi ndi macheza a anthu zinandilowa m'mutu nthawi imodzi. Msoko unakhota ngati wa wophunzira kumene. Ine, amene ndinakusokerani diresi la ukwati!

Ndinapempha kolala ina, akapitawo anandipatsa monyinyirika. Ulendo uno ndinang'ung'udza, uku ndikugwedezeka pampando monga ndimachitira kunyumba. Nditamaliza anaitembenuza uku ndi uku, osapeza polakwika.

"Dzanja muli nalo, mayi," anatero, "koma zomwe mumachitazi n'chiyani? Mutu ukuyenda bwino? Ife tikufuna munthu wabwinobwino, anzanu angamaope."

Ndinawafotokozera zoona zonse, iwo anangoti, "Pepani, tidzakuimbirani." Foni ndayiyang'ana mpaka maso kuwawa, ili zii. Ndikakhala chete ntchito imawonongeka, ndikang'ung'udza ntchito imakoma koma sandifuna. Nanga ndilowere kuti?

Amayi ndangowauza kuti zotsatira sizinatuluke. Koma Amalume akubwera Loweruka, ndipo anagamula kale kuti ntchito iyi ikakanika andidzatenge ndikawalerere adzukulu, makina anga osokera apatsidwe mwana wawo wamkazi. Akuti munthu wotere sangadziimire payekha. Ndikuopa kwambiri. Nyumba ija ana amalira tsiku lonse, ndipo popanda makina sindikudziwa kuti ndidzakhala ndani.

Chonde, ndagwira mwendo, aimbireni Amalume Loweruka lisanafike. Inu amakumverani, pomwe ine ndikafunsa kanthu yankho amapatsa Amayi ngati ine palibe. Auzeni andisiyire makinawo, ndiyeserenso kwina.

Mupereke moni kwa alamu ndi kwa ana akuluakuluwo. Wamng'onoyo, amene munati sanayambebe kuyankhula ndipo amatseka makutu galimoto ikamadutsa, musamukakamize kundipatsa moni pafoni, ine ndimamumvetsa. Ndipo tsiku limene adzayambe kung'ung'udza, chonde musadzamuletse.

Ndine mng'ono wanu,
Kanjuchi