Dzina la Amayi Ake a Clement

Whitby, 9 Novembala 1916

Achemwali anga a Winifred,

Ndikhulupirira muli bwino ku Canadako. Kuno ndi mvula basi.

Clement, amene munandisiyira ali khanda uja, wafera ku nkhondo ku France. Mnzake amene wabweretsa wotchi yake akuti chipolopolo chinamupeza pakhosi, sanavutike.

Tsiku lonyamuka kupita ku nkhondoko, Clement anandifunsa pakhomo kuti, "Amayi, bwanji pa kalata yanga ya ubatizo palibe dzina lanu?" Ndinati tidzakambirana akabwerako.

Tsopano abusa akufuna kumulemba m'buku la tchalitchi la anthu omwalira, ndipo ayamba kufunsa za amayi ake omubereka. Amuna anga akuti tingonena zoona. Ine ndakana, poti alamu kumeneko sadziwa kanthu.

Abusawo abweranso Khirisimasi isanafike. Ndiwauze dzina la ndani?

Ndine mng'ono wanu,
Maud