Makina Nambala 9

Lolemba, 3 Malichi

Sabata yachitatu mu ofesi ya fakitale yosoka malaya. Abwana akuti maoda achepa, wosoka mmodzi achoke Lachisanu. Andipatsa pepala. Mayina mulibe, manambala a makina okhaokha, ndi malaya a pa sabata, chaka chatha ndi pano. Iwo anali atazunguliza kale makina 4. Kale 60, pano 48. "Watsika ndi 12, palibe womuposa."

Uphunzitsi sunandithere m'magazi. Ndinawakokera mpando. Kuchotsera n'chiyambi chabe, ndinatero. Wa mbuzi 60 akataya 12, khola likadali khola. Wa mbuzi 15 akataya zomwezo, watha. Ndiye kusiyanako mugawe ndi nambala yakale, kenako muchulukitse ndi 100. 12 pa 60, ndi 20 peresenti. Anamvetsa nditabwereza katatu. Ndabwerera kunyumba ndikuyimba.

Lachiwiri, 4 Malichi

Abwana awerengera okha pa foni, monyadira. Makina 9: kale 20, pano 14. Kusiyana 6 basi, koma 30 peresenti. Ndabwereza kawiri. Sanalakwitse.

Masana ndinalowa mosokera kukaona manambala. Pa 4 pali Namondwe, mtsikana waliwiro uja. Pa 9, pakona, pafupi ndi zenera chifukwa cha maso. Azakhali.

Omwe anandipemphera ntchito ino.

Anandikodola, nkundipatsa singano kuti ndiwalowetsere ulusi.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndinapita kwa abwana. Ndinati azakhali amapatsidwa makolala, ntchito yochedwa. N'zoona ndithu. Ndinatinso mwina njira yawo yoyamba ija inali yabwino. Anaseka mpaka kutsokomola. "Aphunzitsi, masamu asinthanso kuyambira Lolemba?"

Kalata yochotsa azakhali ntchito ndatayipa ndine. Ndinakonzamonso dzina, anali atalilemba molakwika.

Lachisanu, 7 Malichi

Azakhali anatenga sizasi yawo ndi kapilo ka pampando. Zaka 22, zonse m'jumbo imodzi. Abwana anauza osoka onse kuti asadandaule, si tsankho, mwana wa azakhaliwo yemwe ndiye wawerengera.

Palibe wandipatsa moni potuluka, kupatula Namondwe. "Akuti mwandipulumutsa, asisi. Mulibe azakhali ena?"

Lamlungu, 9 Malichi

Ndinapita kwa azakhali. Anandiyalira mphasa ngati kale. Sanakalipe. Anangoti, "Tandifotokozera, mwana wa achimwene. Paja umatha."

Ndinafotokozadi. Mulungu andikhululukire, ndinafotokoza bwino kwambiri, ndi mabatani pa mphasa. Mabatani 20, nkuchotsapo 6. Pambali, milu isanu ya Namondwe, nkuchotsapo umodzi. Anamva ulendo umodzi wokha, kuposa abwana.

"Ndiye amene anali ndi zochepa kale amagwa msanga."

Ndinati eya, chifukwa timagawa ndi nambala yakale.

Anatola mabatani limodzilimodzi, chofufuza ndi zala. Awiri anali pafupi ndi bondo lawo, sanawaone. Ndinaopa kuwalozera.

"Sukulu yako ndinalipira ndi makina omwe aja," anatero. "Bola sinapite pachabe."

Lolemba, 10 Malichi

Pepala lina pa tebulo. Abwana akuti mwezi uliwonse tsopano azichoka mmodzi, poti njirayo aikonda. Manambala 13. Onse ndikuwadziwa nkhope.

Ndayamba ndi makina 1. Kale 35, pano...