Joni ndi Maola Awiri Okha

Lachinayi, Bangwe. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga mpaka pano sunazizire.

M'mawa pampopi ndinakumana ndi amake Chisomo, aja amakolopa kubwalo la ndege ku Chileka. Akuti Loweruka anaona achimwene anga a Zuze akutsika ndege yochokera ku Joni, atatchena suti, akuthamangira ukwati wa mnzawo ku Chilomoni. Ndinaseka, ndimvekere mwina munaona munthu wina. Iwo amvekere, "Tinapatsana moni wapamanja. Inu, Joni pandege ndi maola awiri okha. Munthu amadya kadzutsa uko, nkhomaliro kuno."

Maola awiri! Ife ndi bokosi la mayi tinayenda nthawi yoposa pamenepo palole kuti tikafike ku Nsanje, fumbi lili m'mano. Maliro tinawagoneka masiku atatu kudikira a Zuze, mwana woyamba wa mayi. Pafoni ankangoti, "Mlongo, kuno n'kutali, pabasi ndi masiku awiri, ingoikani." Ine wopusa ndinkawaikira kumbuyo pamaso pa amalume mpaka kulira.

Sindiwaimbira foni. Mwezi wamawa tikukavundukula chiliza cha mayi, ndipo tsikulo salimva kwa ine. Chithunzi chawo chapakhoma ndachitsitsa kale, chili kunsi kwa bedi pamodzi ndi nsapato zakutha.

Tsiku lina adzabwera, ndikudziwa, maloto akadzayamba kuwavuta. Adzaima pakhomo panga pano n'kundifunsa pamene mayi anagona. Ndidzawapatsa mpando, madzi akumwa ndidzawapatsa ndithu, kenako ndidzawauza kuti, "Achimwene, n'kutali."