Chipepeso pa Imfa ya Msilikali Kamsomali, Mwana wa Mmisiri Mnzathu

Ife a Bungwe la Amisiri Osoka Nsapato tadzidzimuka ndi kusweka mtima pomva kuti mwana wathu, msilikali wachinyamata amene tonse pamzere wathu wa kumsika tinkamutcha Kamsomali chifukwa cha kuwonda ndi kuwongoka kwake, waphedwa kunkhondo ya kumalire. Uthenga uno tikulembera bambo ake, amene ndi membala wathu wakalekale, mlongo wake amene ali kunja kwa dziko, ndiponso anthu onse amene adayendapo pa nsapato yosokedwa ndi manja a banja limeneli.

Uthenga wa imfayi udawapeza bambo a Kamsomali ali pabenchi pawo m'mawa, ulusi uli kukamwa. Ataona akuluakulu awiri a asilikali ataima patsogolo pawo, adawamwetulira nati, "Takulandirani, mabwana. Ndi zidendene kapena ndi soli?" Alendowo adangovula zipewa. Pambali padali mayi wina amene ankadikira nsapato yake, phazi limodzi ataliponda pakatoni. Bambowa adaweramira pansi, nkumaliza kusoka, nkudula ulusi, nkumuveka mayiyo nsapato yake, ndipo atatero ndi pamene adati, "Tsopano nenani."

Sitingalire mnyamatayu moyenera popanda kukumbukira nyumba imene adachokera, pakuti nkhondo siidayambe lero kugogoda pakhomo limeneli. Agogo a bambo ake adatengedwa kukanyamula katundu wa asilikali pankhondo ya atsamunda, ndipo sadabwerere; manda awo palibe amene akuwadziwa. Mwana wawo, amene ndi agogo ake a Kamsomali, adavala yunifolomu nawonso, nabwerako ndi mwendo umodzi. Iwowa ndiwo adali m'gulu la oyambitsa bungwe lathu, ndipo achikulire pakati pathu akukumbukirabe nthabwala yawo kwa makasitomala odandaula: "Ine ndimasoka ziwiriziwiri koma ndimavala imodzi, ndiye inu mukulira chiyani?" Ankaseka masana, koma mwana wawo, amene ankawasambitsa chilonda chija kunyumba, ankadziwa zimene ife sitinkaona. Nchifukwa chake bambo a Kamsomali adakula osafuna kumva za usilikali, ndipo mwana wawo adamuphunzitsa nyundo ndi singano kuti akhale pafupi nawo mpaka kukalamba.

Mayi ake atamwalira, ndipo mlongo wake atakwatiwa kutali, m'nyumba mudatsala anthu awiri okha. Ndiye tsiku lina mnyamatayo adaika nyundo pansi nati akufuna kukalembetsa usilikali.

"Nyumba ino idapereka kale awiri," adatero bambo ake. "Ukufuna ndidye ndi yani?"

"Bambo, ine sindikukaombera munthu ayi, ndikukanyamula ovulala," iye adayankha. "Agogo akadapeza wowanyamula msanga, mwina mwendo uja ukadatsala."

Bambo ake sadavomere, komanso sadamuletse. Adangomuuza kuti akapatsidwa jombo abwere nazo aziwone kaye, pakuti za boma zimasokedwa mothamanga. Adabwera nazodi, ndipo iwo adazisokanso zonse ndi ulusi wawo.

Zaka zochepa zimene adatumikira dziko lake, Kamsomali adazidzaza ndi ntchito imene ena sangaikwanitse ngakhale atafika pometa imvi. Adali m'gulu lonyamula ovulala pamachira, ndipo akuluakulu ake atiuza kuti sankadikira kutumidwa kawiri, kaya kukugwa mvula kaya zipolopolo. Adakwezedwa kukhala kopolo akadali wamng'ono kwa anzake onse a m'gululo, naphunzitsa obwera kumene kumanga mabala ndi kunyamula munthu wothyoka msana. Kumsasa, ena akamapuma, iye ankakhala pansi pa mtengo nkumasoka jombo za anzake kwaulere, mpaka asilikali a magulu ena ankabwera kudzamufunafuna. Patsiku lake lomaliza, gulu lake litawoloka kale mlatho, adamva kuti dalaivala wina watsala tsidya lija atavulala. Adabwerera, namubereka kumsana, namufikitsa tsidya lino, ndipo ndi pomwepo pamene chipolopolo chidamupeza. Dalaivalayo ali moyo m'chipatala, ndipo akuti akufunsa njira ya kumsika kwathu.

Maliro adayenda mwaulemu wonse wa chisilikali, ndipo tikuthokoza onse amene adabwera. Koma lipenga lidalira nkutonthola, magalimoto adabwerera, ndipo mlongo wa malemuyu sadathe kufika chifukwa misewu ya kumalire idatsekedwa. Bambo a Kamsomali adabwerera okha kunyumba ya zipinda zitatu. M'mawa uliwonse akumafika kumsika ife tisanafike, nkutulutsa mipando iwiri monga ankachitira kale, kenaka nkubweza umodzi m'kati. Wailesi yawo, imene inkatisokosa tonse, sakuyitsegulanso. Chakudya akumadyera pabenchi pomwepo, atayang'ana kukhoma.

Ine wapampando nditapita kukawaona kunyumba, ndidawapeza atakhala pakhonde, chitseko cha chipinda cha mwana wawo chili chotseka. Adandiuza kuti, "Achimwene, ndidaika bambo anga, ndidaika mkazi wanga, ndipo ndinkati wodzandiika ine ndamulera. Tsopano ndikalowa m'nyumba umu palibe wondifunsa ngati ndadya." 

Chimene bungwe lathu lingathe nchochepa, koma tachigwirizana ndi mtima umodzi: tsiku lililonse mmodzi wa ife azisamutsa benchi lake kukagwirira ntchito pambali pawo, ndipo poweruka aziwaperekeza mpaka pakhomo. Titawauza zimenezi, adati, "Bwerani, koma musabwere kudzandiuza kuti ndilimbe mtima. Bwerani ndi ntchito yanu tizikhoma limodzi. Ndikamamva nyundo ziwiri, basi zandikwanira." Nanunso anthu a mumzinda uno tikukupemphani kuti musawalambalale chifukwa chosowa mawu, imani, apatseni moni, ngakhale nsapato zanu zili zabwinobwino.

M'malo mwa amisiri onse a m'bungwe lathu, akulu ndi ang'ono, pamodzi ndi mabanja awo, tikuti pepani kwa inu bambo a Kamsomali, kwa inu mlongo wake amene mukulira nokha kudziko la eni, ndi kwa asilikali anzake amene akunyamulabe machira popanda iye. Mulungu akupatseni mphamvu zodzukira m'mawa uliwonse, ndipo mwana wathuyu, amene adatopa ndi kunyamula ena, amugoneke pamalo pamene sipamveka mfuti.

Wapampando,
Bungwe la Amisiri Osoka Nsapato